Sipanala, jeke ndi chikwanje: zida zoyamba kugula ndi zomwe zingayembekeze

Munthu akangoganiza zoti azikonza yekha galimoto yake ndi kusamala pabwalo pa nyumba, choyamba kumukopa chimakhala chibokosi chonyezimira chija cholembedwa kuti muli zida 200. Mukachitsegula n'kuwerenga bwinobwino mupeza kuti zambiri ndi timitu ta sikuludiraiva tomwe mwina simudzatikhudza n'komwe, pomwe sipanala yomwe muziigwira tsiku ndi tsiku ndi yachitsulo chofewa, yoti ikangokumana ndi nati yadzimbiri imayasama. Ine ndimaona kuti m'galaja ndalama ziyenera kupita pa zida za mitundu iwiri: chogwira nati, ndi chonyamula galimoto inu muli pansi pake. Pabwalo, chida chabwino ndi chomwe chikabuntha chimanoleka, chikathyoka mpini mumalowetsa wina. Zotsalazo yambani ndi zotchipa, n'kudzasintha chokhacho chomwe chatha msanga, pakuti kutha kwakeko ndi umboni woti ndicho mumagwiritsa ntchito.

Zogwira nati

Sipanala ya mbali ziwiri, uku yoyasama uku ya ring'i, ndiyo ndingayambire. Mbali yoyasamayo imagwira nati pawiri pokha, ndipo mukaikakamiza milomo yake imatanuka pang'ono n'kuyamba kudya makona a nati. Ring'i imakumbatira nati yonse. Choncho nati youma muziyamba kuimasula ndi ring'i, ikafewa m'pamene mutembenuze sipanala n'kumalizitsa ndi mbali yoyasama, yomwe imalowa n'kutuluka mwachangu. Nati ikangobulungika makona, ntchito ya mphindi zisanu imadya tsiku lonse.

Musanagule, onani kaye komwe galimoto yanu inapangidwa. Za ku Japan monga Toyota, Nissan ndi Honda zimayendera manambala 8, 10, 12, 14, 17 ndi 19, ndipo manati a matayala a Toyota zambiri ndi 21. Za ku Germany zimakonda 13, 16 ndi 18, mabawuti a matayala 17, kuphatikizapo mitu ya Torx ya nsonga 6 ija. Maseti ambiri otchipa amadumpha 16 ndi 18, ndiye mwini Volkswagen akhoza kugula bokosi lodzaza tho koma n'kusowa sipanala yeniyeni yomwe akuifuna. Palinso injini zina za makina otchetchera kapinga zochokera ku America zomwe mabawuti ake ndi a mainchi. Theka la inchi ndi mamilimita 12.7, motero sipanala ya 13 imalowa ndithu koma imagwedera, ndipo kugwederako n'kumene kumapha nati. Ya nambala 10 gulani ziwiri, chifukwa imasowa mosadziwika bwino, makamaka nthawi imene mwaifunitsitsa.

Soketi imafika pomwe sipanala singafike, monga pa pulagi yobisala m'dzenje. Pali ya makona 6 ndi ya makona 12. Ya 12 imalowa mosavuta pamalo opanikizika koma imagwira nati chakumakona. Ya 6 imagwira m'mbali, momwe chitsulo chili chambiri. Pa manati adzimbiri ya 6 ndiyo yopambana, ndipo ngati mukugula seti imodzi yokha musachite kufunsa. Kabowo kolowetsa chogwirira kamabwera patatu, 1/4, 3/8 ndi 1/2 ya inchi, ngakhale soketiyo ikhale ya mamilimita. Ya 1/4 ndi ya tinthu ting'onoting'ono ta m'kati mwa galimoto, ya 1/2 ndi ya matayala ndi zakunsi, pomwe ya 3/8 imatha ntchito zambiri za pa injini. Munthu wa galimoto imodzi ayambe ndi 3/8.

Pa ratchet, chogwirira chozunguzira soketi, funsani za mano. Ya mano 36 imafuna kuti dzanja lisunthe madigiri 10 kuti igwire dzino lina, ya mano 72 imafuna 5 okha. Kuseri kwa injini komwe dzanja limangosuntha pang'onong'ono, ya 36 imangolira osazunguza kanthu. Koma ratchet si yolimbana ndi manati ouma gwa. Anthu amaiveka paipi kuti italike, mano aja n'kuthyokera m'kati, dzanja n'kukamenya chitsulo. Ntchito imeneyo ndi ya breaker bar, chitsulo chachitali chopanda mano. Ya 1/2 yotalika masentimita 60 ikhale pafupi ndi soketi ya matayala.

Nanga shifting, sipanala ija yokulitsa ndi kuchepetsa kukamwa? Mtundu womwe tikuudziwa lerowu anaukonza Johan Petter Johansson wa ku Sweden kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1890, ndipo a Bahco akuupangabe. Ndi yothandiza pa mipopi ya madzi ndiponso pogwira bawuti uku mukumasula nati mbali inayo. Pa injini ndimaiopa, chifukwa nsagwada yake yoyendayo siikhazikika. Ngati palibe kuchitira mwina, muziithinitsa pa nati ulendo uliwonse musanakoke. Yomwe ndimaikonda m'malo mwake ndi Pliers Wrench ya Knipex ya ku Germany. Nsagwada zake n'zosalala, zimayenda mofanana, ndipo mukamafinya m'pamene zimathina kwambiri, motero siziluma nati. Ndi yokwera mtengo, koma imodzi imalowa m'malo mwa ma shifting angapo. Vise-Grip, pulayasi yodzikhoma yokha yomwe William Petersen, wosula zitsulo ku Nebraska, anatulukira m'zaka za m'ma 1920, ndi nkhani ina. Mano ake amaluma mopanda chisoni. Imeneyo ndi ya nati yomwe yafa kale, yoti ikachoka muitaya.

Ikafika nkhani ya torque wrench, sipanala yoyeza mphamvu yomangira nati, ambiri amati n'zongowononga ndalama, dzanja limadziwa. Dzanja limadziwadi kumanga, koma polekezera silidziwa. Manati a matayala a Toyota Corolla amafuna 103 Nm (Nm ndi muyeso wa mphamvu yomangirayo). Munthu woponda sipanala ya tayala ndi mwendo amapitirira pamenepo kutalitali, mabawuti n'kutanuka, ndipo tsiku lomwe tayala lidzaphwe pamsewu manatiwo adzakana kumasuka. Pulagi nayo pa injini zambiri za masiku ano imalowa mu aluminiyamu wofewa, ndipo mazinga akangotha pamenepo mwaitana ntchito yaikulu. Torque wrench ya muvi woloza nambala ndi yosavuta ndipo siisokonekera wamba, koma kuiwerenga muli chogona pansi pa galimoto n'kovuta. Yolira kuti "tha" mumaitchera nambala, ikalira kamodzi mwasiya pomwepo. Mukamaliza ibwezereni pa nambala yake yotsikitsitsa kuti sipuling'i ya m'kati isatope, ndipo musamasulire nayo manati. Ya 1/2 yoyambira pa 40 kufika 200 Nm imakwana matayala, koma mapulagi yawakulira, poti ambiri sapitirira 30.

Za masikuludiraiva ndinene chimodzi chokha. Sikuti mutu uliwonse wa mtanda ndi Phillips. Wa Pozidriv uli ndi timizere tina tinayi pakati pa mtandawo, pomwe njinga zamoto zambiri za ku Japan zili ndi masikuluwu a JIS, omwe kawirikawiri amakhala ndi kadontho pamutu. Sikuludiraiva ya Phillips ikalowa mu JIS imaterereka n'kukumba mutu mpaka kusalala. Ya JIS, monga zopangidwa ndi Vessel, imagwira bwino mu JIS ndi mu Phillips momwe, ndiye wokhala ndi njinga yamoto asankhe imeneyo.

Zonyamula galimoto

Jeke ya sizasi yobwera ndi galimoto ndi yosinthira tayala m'mbali mwa msewu, basi. Jeke ya botolo imanyamula zolemera ndipo siidya malo, n'chifukwa chake imayenera galimoto zazitali, koma pansi pa galimoto yotsika siilowa, ndipo phazi lake ndi laling'ono moti padothi lofewa imapendama. Jeke ya matayala, ya mpini wautali ija, imalowa pansi mosavuta n'kukweza mwachangu, ndipo ya matani 2 imakwanira galimoto yaing'ono. Vuto lake imafuna simenti yosalala. Pokweza, iyo imayenera kuyenda pang'ono kulowera pansi pa galimoto; matayala ake akakanirira pamiyala, m'malo moti iyo isunthe imakoka galimotoyo.

Jeke iliyonse mwa zitatuzi ntchito yake ndi kukweza, osati kusunga. Ya mafuta, monga ya botolo ndi ya matayala, imadalira kalabala kakang'ono m'kati mwake, ndipo kalabalako kakafooka sikatsanzika. Choncho mukagula jeke gulani tsiku lomwelo masitandi awiri achitsulo, ndipo apa si pochepetsera ndalama. Njerwa ndi mabuloko a simenti zimaoneka zolimba koma zimaphwanyika kamodzi n'kamodzi popanda chenjezo. Lowetsani giya, kokani handibuleki, tchingani matayala otsala pansi ndi zipika, tayala lomwe mwachotsalo likankhireni pansi pa galimoto. Kenako igwedezeni ndi manja onse awiri. Ngati ili yoti igwa, igwe inu mutaima pambali.

Za batire kapena za chingwe

Drill yoyamba yopanda chingwe inatuluka kwa Black & Decker mu 1961, koma zida za batire zinayamba kulimbana zenizeni ndi za chingwe mabatire a lithium atafika; Makita inatulutsa zake za 18V mu 2005. Musapusitsidwe ndi manambala a pabokosi. Batire lolembedwa 18V ndi lolembedwa 20V Max ndi chinthu chimodzi: m'kati muli maselo asanu, lililonse la mavoti 3.6 pogwira ntchito ndi 4 likangochoka pa chaja. Nambala yoti muiyang'ane ndi ya Ah, yomwe imanena kuchuluka kwa moto womwe batire limasunga. Kugula batire kuli ngati kukwatira, mumalowa m'banja lonse. La Makita sililowa mu DeWalt, la Bosch sililowa mu Milwaukee, ndiye musanasankhe drill onani ngati banja limenelo lili ndi zida zina zomwe mudzazifune mtsogolo, kuphatikizapo za pabwalo.

Zida zitatu zimasokoneza anthu. Drill ndi yoboola ndi kumanga masikuluwu ang'onoang'ono. Impact driver imamenya pozungulira, ndipo imalowetsa masikuluwu aatali m'matabwa osapotokola dzanja, koma manati a matayala si msinkhu wake. Impact wrench ya 1/2 ndiyo ya manati a galimoto. Pakhomo poyamba ndi drill, palibe kukangana. Impact wrench ndi yokoma kugwiritsa ntchito, koma ngati mumachotsa matayala mwa apo ndi apo breaker bar imakwanira. Mukagula impact wrench, igulireninso masoketi ake akuda aja, chifukwa onyezimira akhoza kusweka ndi kumenyako. Ndipo izikhala yomasulira. Pomanga malizani ndi torque wrench.

Grinder yokha ndimakonda ya chingwe, chifukwa imameza batire mofulumira. Ya disiki ya mamilimita 115 imazungulira maulendo pafupifupi 11,000 pa mphindi, ndipo pa liwiro limenelo disiki ikasweka zidutswa sizisankha pomenya. Chotchinga chija musachichotse ngakhale chikutchingeni poonera. Disiki yopyapyala ndi yodulira yokha, osati yopalira cham'mbali. Pa kamkombero kachitsulo ka pakati pa disiki pamadindidwa mwezi ndi chaka chomwe idzathere ntchito, chifukwa guluu womanga disikiyo amafooka ndi chinyezi. Magalasi oteteza maso azikhala m'bokosi limodzi ndi grinder.

Kachida kotchipa komwe kamabweza ndalama zake msanga ndi multimeter, koyezera magetsi. Batire la galimoto lodzaza, litapuma, limaonetsa mavoti pafupifupi 12.6, injini ikulira liyenera kuonetsa pakati pa 13.5 ndi 14.5, ndipo likakhalabe pa 12 dziwani kuti alternator, chipangizo chochajira batire, sikuchaja. Kowerengera zovuta za injini ka OBD2, dongosolo lomwe ku America linakhala lamulo mu 1996 ndipo ku Ulaya mu 2001 pa galimoto za petulo, kamabwera pambuyo. Kamakulozerani dera lomwe kuli vuto, osati chitsulo choti mugule. WD-40, yomwe inapangidwa ku San Diego mu 1953 kuti izithamangitsa madzi ndi kuteteza dzimbiri, ndi yabwino pa ntchito yakeyo, koma si girisi, imauma msanga. Bawuti yadzimbiri imafuna burashi ya waya, mafuta olowerera, ndi kudikira.

Pabwalo

Udzu ndi womwe umasankha chida, osati inu. Pakakhala pabwalo paling'ono, kapena pamiyala ndi zitsa, chikwakwa chonoledwa bwino chimaposa makina alionse: sichifuna mafuta, sichikana kulira, ndipo mwala ukachigomola mumangonola. Zenga ndi la m'makona ndi m'mphepete mwa khoma. Makina otchetchera ndi ulusi wa nayiloni, omwe George Ballas wa ku Houston anatulukira mu 1971, ndi omalizira m'mbali momwe makina aakulu safika. Chenjerani nawo pafupi ndi mitengo yaing'ono. Ulusiwo umasenda khungwa kuzungulira tsinde, ndipo mtengo wosendedwa chozungulira umauma ngakhale muuthirire bwanji. Tchire la udzu wautali wosakanikirana ndi timitengo limafuna brush cutter ya mpeni wachitsulo.

Pa kapinga wosalala pali njira ziwiri. Makina okankha opanda injini, mtundu womwe Edwin Budding wa ku England anayambitsa mu 1830, amadula ngati sizasi ndipo kapinga amaoneka bwino zedi, koma udzu ukangotalika amangougoneka. A mpeni wozungulira pansi amapirira udzu wautali ndi malo osasalala kwenikweni, bola mpeniwo uzinoledwa. Wobuntha umang'amba masamba, nsonga n'kusanduka zofiirira. Mulimonsemo musadule kupitirira gawo limodzi mwa magawo atatu a msinkhu wa udzu pa ulendo umodzi.

Petulo, batire kapena chingwe? Apa ndi pomwe anthu ambiri amagula zowakulira. Injini ya petulo ili ndi mphamvu ndipo imagwira tsiku lonse, koma imafuna chisamaliro. Ya two-stroke imafuna petulo wosakaniza ndi oyilo wake. A Stihl, opanga makina otere, amanena muyeso wa 50:1, kutanthauza mamililita 20 a oyilo pa lita imodzi, kapena 100 pa malita 5. Mukaiwala oyiloyo injini imauma n'kuwonongeka pasanathe nthawi. Petulo akakhalitsa mu kabuleta amasanduka phula n'kutseka timabowo, ndipo ichi n'chimene chimachititsa kuti makina osungidwa miyezi ingapo azikana kulira, mwini wake n'kumangokoka chingwe mpaka phewa kuwawa. Mukafuna kuwasunga nthawi yaitali, khuthulani thanki n'kuwaliza mpaka azime okha. A batire alibe mavuto onsewa, ndipo saboola makutu, koma batire la 18V la 5 Ah limasunga 90 Wh zokha, zomwe zimakwana pabwalo wamba osati munda. A chingwe ndi opepuka ndipo sachedwa kugwira ntchito, bola malo akhale pafupi ndi nyumba ndipo muzikumbukira komwe chingwe chagona. Ine pabwalo la nyumba imodzi ndingatenge a batire, makamaka ngati batirelo ndi lomwe lija la drill.

Chikwanje palibe chochiposa polambula tchire ndi kusadza nthambi zomwe zagwa kale. Koma pa mtengo wazipatso womwe mukufuna ukhale ndi moyo, chimasiya bala long'ambika lomwe limasunga madzi n'kuyamba kuola. Pamenepo pafunika sizasi yodulira nthambi. Ya mipeni yopitirirana imadula mosalala ndipo ndi ya nthambi zaziwisi; ya mpeni umodzi wogwera pa kachitsulo kafulati imatswanya, ndiye ndi ya zouma. Sizasi ya Felco 2 ya ku Switzerland, yomwe ikupangidwa kuyambira 1948, imadula mpaka mamilimita 25, ndipo chomwe ndimaikondera n'chakuti mpeni, sipuling'i ndi bawuti zonse zimagulidwa pazokha. Nthambi ikaposa chala chachikulu tengani sizasi ya mipini italiitali, ikaposa pamenepo sowo. Nthambi yolemera yambani kuicheka pang'ono kunsi kwake chapatali ndi tsinde, kenako pamwamba kuti igwe, n'kumalizira chitsa chotsalacho. Mukangoyamba pamwamba, pogwa imasenda khungwa mpaka m'munsi. Chainsaw ndiye ayi, ngati simudula mitengo kawirikawiri itanani odziwa.

Zokumbira sizifuna mawu ambiri. Khasu ndi lolimira ndi kupalira, piki ndi ya nthaka youma ndi mizu, fosholo ndi yotapira mchenga ndi dothi lomwe lafewa kale, foloko ndi yotembenuzira manyowa. Fosholo yopindidwa kuchokera ku lata imapindika pakhosi mukaitekenya ndi mwala. Yosulidwa ndi yolemera koma imakhalitsa. Mpini wa mtengo umamwa kugunda ndipo ukathyoka mumasema wina. Wa fibreglass suola ndi mvula koma ukasweka kuusintha n'kovuta, pomwe wachitsulo umatumiza kugunda konse m'mikono. Wilibala ya tayala limodzi imakhota paliponse ndi kuyenda pa thabwa, ya matayala awiri siigubuduka koma imafuna njira yotakasuka. Tayala lopopa limayenda mofewa pamiyala koma minga imalilasa. Lolimba lopanda mpweya siliphwa, kungoti katundu akalemera mumamva m'mapewa.

Zonsezi zimadalira tupa. Khasu, fosholo, chikwakwa, chikwanje ndi mpeni wa makina otchetchera zimanoleka pamanja mphindi zochepa, mukazimanga bwino pa vayisi. Muzikankha tupa kupita kutsogolo kokha, pobwerera n'kunyamula, ndipo muzitsata kupendekeka komwe mpeniwo unabwera nako. Grinder imafulumira, koma mukaona chitsulo chasanduka chabuluu ndiye kuti mwachipsereza, chafewa, ndipo sichidzasunganso kuthwa pamenepo. Mpeni wa makina otchetchera, mutachotsa kaye waya wa pulagi kapena batire, unoleni mofanana mbali zonse ziwiri n'kuupachika pa msomali ndi bowo lake la pakati. Mbali yomwe yatsika ndiyo yolemera, ipaleninso, apo ayi makina azinjenjemera mpaka kuwononga mabering'i. Mipini ya mtengo ipakeni mafuta a linseed kuti isang'aluke. Nsanza zomwe mwapakira musaziunjike pakona, chifukwa mafutawa akamauma amatulutsa kutentha ndipo mulu wa nsanza zotere ukhoza kuyaka wokha. Ziyanikeni panja chotambasula, imodziimodzi, kapena zivikeni m'chitini cha madzi.